Madzi anu aja, bambo

Fungo la gazolina pa mota, njinga yamoto ya mkamwini wanga, landikumbutsa bambo ena a ku Entre Lagos ku Mozambiki, titangobwerako ku Malawi. Ankaonetsa vidiyo m'chisakasa, mimba yawo ngati mtsuko, ndithu. Anati atsikanafe tikawatungira madzi tilowa. Ndinatunga mpaka khosi kuuma. Kufika pakhomo akuti, "Choka iwe, za amuna izi!"

Ndinasuzumira pabango. Muvidiyomo dziko lonse lapsa, amuna akuphana chifukwa cha mafuta, bwana wawo watsekera madzi, akazi akulira kunja. Ndinati ameneyu ndikumudziwa!

Ndinazungulira kuseri, ndinatsegula poikira mafuta pa jenereta yawo, n'kuthiramo chikho chodzadza.

"Madzi anu aja, bambo."

Inatsokomola kawiri n'kuzima, amuna onse ali kukamwa yasa.