Chaka Chimene Abambo Anafolera Nyumba

Mbale ndinkaisiya pamwala. Panali mwala wina wafulati pakati pa khitchini yathu ndi nyumba yosatha imene inali kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo amayi anandilamula kuti mapazi anga asapitirire pamenepo. Ndinkaikapo mpunga ndi usipa n'kubwerera chambuyo, kenako munthu wina woonda, wovala jekete lomukulira, ankatuluka m'zipupa zopanda denga zija kudzatenga. Akatha kudya ankatsuka yekha mbaleyo, koma amayi ankaithirabe madzi owira, ataigwira ndi nsonga za zala. Munthu ameneyo anali abambo anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo nkhope yawo ndinali nditayamba kuiiwala.

Chinali chaka cha kolona. Sukulu anatitsekera mpunga usanache, choncho ife ana a ku Lifuwu tinangosanduka alonda a mbalame kusikimu ya mpunga, tsiku lonse kukuwa ndi kugwedeza zitini mpaka mawu kusasa. Pakhomo pa golosale iliyonse panali ndowa ya mpopi, imene madzi ake ankatha mmawa womwewo, ndowayo n'kumangokhala ngati chokongoletsera. Masiki osokedwa ndi zidutswa za zitenje ankalendewera m'zibwano, anthu n'kumawakweza akaona apolisi. Mudzi wonse unkanunkhira bulugamu wowiritsa, chifukwa aliyense akangoti khosu ankamufunditsa bulangeti kuti afukizidwe. Ogula nsomba a ku Lilongwe anachepa, usipa n'kumangouma pamathandala mpaka kuyamba kufumbwa. Maphunziro ankati tizimvera pa wailesi, koma mabatire kwathu anali a uthenga wa maliro ndi nkhani za madzulo basi. Fulaye tinkasewera mobisala, kuopa akuluakulu amene ankatikalipira kuti tisaunjikane, iwo eni akuchokera kounjikana.

Abambo anafika mphepo ya mwera itayamba kuwomba. Anali m'gulu la anthu aja ankabwezedwa kuchokera ku Joni pa mabasi, ntchito zitatha kumeneko. Anayamba apita kwawo, kumtunda, koma abale awo anawabweza, amvekere munthu wa ku Joni wasenza matenda. Atabwera kwathu kuno, wakabaza anawatsitsira kumsewu, osafuna n'kulandira komwe ndalama m'manja. Ukwati wawo ndi amayi unali utatha kale kukhoti ndili wamng'ono, ndipo zimenezi ndinkazidziwa monga mwana amadziwira kuti kunagwa njala iye asanabadwe. Amalume, achimwene awo a amayi, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo, ndiwo anagamula kuti munthu sangagone patchire, akhale m'nyumba yosathayo. Masabata amenewo azimayi a pamjigo ankatisiyira mpata waukulu kwambiri, ndipo mandasi a amayi ankabwerera momwe apitira.

Abambo atakhala masabata awiri osakhosomola, amalume anabweranso. Amayi anatulutsa m'sutikesi pepala la shuga, m'kati mwake muli makalata opindidwa, onunkha mphemvu. Amalume maso anali atayamba kuwavuta, ndiye anati, “Iwe wa sukulu, tatiwerengera.” Ndinaimirira pakati pa bwalo ndi kuwerenga mokweza, mawu onse bwinobwino, monyadira ngati ndili m'kalasi. Kalata ya amayi inkati ukwati watha chifukwa mwamuna anasiya banja osalisamala, mwana akhale ndi mayi wake, ndipo mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo. Pansi pake panali ina yachikasu, yotayipidwa ndi makina akale, yothetheka m'mizere yopinda. Imeneyo inali ya malemu agogo, amayi awo a amayi, ndipo m'malo mwa dzina lawo panali chidindo cha chala. Inkanena za mwamuna wawo, msodzi amene anapita ku chilumba cha Mbenji, nyengo yophera nsomba itatha n'kukakocheza bwato padoko lina, kwa mkazi wina. Sindinafunsidwe kuti ndiiwerenge, koma ndinaiwerenga, ndipo mzere wake womaliza unali womwewo wa nyumba.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa pakhomo pathu. Malo okwera aja amene tinkabzalapo maungu, pomwe khasu linkagunda miyala, anali maziko amene agogo aamuna anakumba n'kuthawa. Zipupa zofika m'mawindo zija, m'mene ndinkaseweramo masanje ndi kubisalirana, zinali zimene abambo anayamba khoti litalamula, asanabwererenso ku Joni. Ndinakulira m'mabwinja a maukwati awiri ndikuyesa ndi malo osewererapo. Nditamaliza kuwerenga, abambo, ali chikhalire pa njerwa, masiki ali kukamwa, anati, “Ndimaliza, alamu. Chaka chino chomwe.”

Ine ndinatola mawu amenewo n'kusiya ena onse. Zakuti ukwati watha zinali za papepala lakale, koma zakuti amaliza nyumba ndinazimva ndi makutu anga, kuchokera pakamwa pa munthu wamoyo. M'nzeru zanga, munthu womanga nyumba ndiye kuti akufuna kugonamo. Ndinagawa zipinda mumtima: chachikulu cha abambo ndi amayi, chaching'ono changa, pabalaza tebulo lolembera.

Ndiye ndinagwira ntchito. Madzi oumbira njerwa ndinatunga ndine, chigubu pamutu, kuchokera kumjigo mpaka kudzenje, khosi kuuma, tsitsi la pakati pamutu kuthothoka ndi nkhata. Ndinaponda matope ozizira mmawa wa mwera mpaka zidendene kung'aluka. Abambo ankamenya chikombole pansi, ine n'kumafunditsa njerwa zaziwisi ndi udzu kuti dzuwa lisaziswe. Fungo la dothi lonyowa ndi la uvuni ukuyaka, utsi wake wowawa wosakanikirana ndi wa mankhusu a mpunga, mpaka lero ndikalimva ndimalithawa. Koma panthawiyo ndinkasangalala, ndisaname. Abambo anali osalankhulalankhula, komabe anandiphunzitsa kuimba likhweru ndi zala ziwiri, anandiuza za mizinda yowala usiku ngati masana, ndipo tsiku lina ananditchula dzina langa la paubwana limene ndinkaganiza kuti analiiwala. Anzanga awiri a m'kalasi anakwatiwa miyezi yomweyo, makolo awo akuti sukulu sidzatsegulidwanso, ndipo ine ndinkawamvera chisoni monyada, poti ine ndinali ndi bambo pakhomo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti onse ankadziwa. Azimayi a pamjigo aja, mantha a matenda atawathera, ankandisenzetsa chigubu akumwetulira, amvekere, “Mwana wolimbikira uyu, akuthandiza bambo ake kumasuka.” Ndinkayesa akunena za kutopa. Lamlungu lililonse abambo ankasamba, kupesa, n'kupita ku Senga Bay kukafufuza ntchito, ndipo palibe amene anandifunsa kuti ndi ntchito yanji yofufuza Lamlungu. Amayi sanaponde pamalo omangapo ngakhale kamodzi. Ankaphika, n'kundituma, basi. Kamodzi kokha, atandiona ndikudzola mafuta m'ming'alu ya kumapazi, anati, “Usadzithyole khosi, mwana iwe.” Anathera pomwepo. Mwina ankaopa kundilanda chimwemwe, mwina ankafuna nyumbayo ithe, pakuti inali yawo mwachilungamo ndipo anaidikira zaka zambiri. Sindinawafunsepo, ndipo sindikudziwa ngati ndinawakhululukira kwenikweni.

Malata anagula atagulitsa foni yawo yaikulu ija ndi jekete. Anafolera dzuwa la chilimwe likuswa mtengo, sukulu zitangotsegulidwa kumene, ndipo ine ndinkathamanga pochokera kusukulu kuti ndikawapatsire misomali. Loweruka lotsatira kunabwera amalume ndi azibambo awiri achilendo, ovala masiki ogula kusitolo, oyera mbee. Anazungulira nyumba, kugogoda zipupa, kutsegula ndi kutseka chitseko, kuyang'ana kudenga. Abambo anapereka kiyi kwa amalume, amalume n'kupereka kwa amayi. Ine ndinali nditasesa kale chipinda chachikulu chija. Kenako mmodzi wa alendowo anati, “Taona tokha, akuluakulu. Tikanena kwathu kuti munthuyu kuno alibenso mlandu, akhoza kulowa m'banja.”

Anali ankhoswe a mayi wina wa ku Senga Bay. Abale ake anali atakana kupereka mwana wawo kwa mwamuna amene sanamalize chisudzulo chake choyamba, ndipo kwathu kuno chisudzulo chimatha ndi denga. Njerwa iliyonse imene ndinafunditsa inali yowatsegulira njira. Abambo analowa n'kutuluka ndi chikwama chawo, atamanga kale. Atafika pamene ndinaima anandiyang'ana, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita manyazi. Miyezi yonseyo tinkapatsirana njerwa dzanja ndi dzanja, kumwera kapu imodzi, koma tsiku limenelo, pamaso pa alendo, anakumbukira malamulo a kolona. Ananditambasulira chigongono. Ndinachiyang'ana, osachigunda, mpaka anachitsitsa okha.

Anthu amawatama mpaka lero. Amati ndi mwamuna yekhayo m'mbiri ya banja lathu amene anachita zimene khoti linalamula, ndipo azimayi akamakangana ndi amuna awo akale amawatchula ngati chitsanzo. Sindikana. Matenda aja anatha, ndowa za mpopi anthu akuviikamo chinangwa, ndipo chaka chija ambiri amachikumbukira ndi maliro a abale awo. Kwathu sikunafe munthu, choncho ndilibe chodandaulira pagulu. Ndinangophunzira kuti akuluakulu amatha kuona mwana akusenza chinthu chomwe chidzamupweteka, n'kumuthandiza kuchikweza pamutu.

Amayi anakana kusamukiramo, anati nyumba yawo yaudzu ikuwakwanira, ndipo kiyi anandipatsa ine. Mvula yoyamba itagwa masana ena, anzanga akuthamangira panja kukavina m'matope, ine ndinalowa m'nyumba yatsopanoyo ndi kuima pakati, maso kudenga. Ndinkafunafuna dontho, limodzi lokha, poti denga likadontha womanga amaitanidwa kudzakonza. Ndinayenda chipinda ndi chipinda, ndikupapasa zipupa ndi pansi, mpaka mvula inakata. Abambo anali mmisiri wabwino. Nyumbayo sinadonthepo mpaka lero.