Makatani a Renske

Munthu wina adzandifunsenso ngati buku lija ndinaliwerenga, ndidzamukhuthulira madzi a m'ndowa yangayi. Ndinaliwerenga, inde, mpaka kawiri. Nditamaliza ndinaliika pansi pa mwendo wa tebulo umene umagwedera, ndipo lili pomwepo mpaka lero. Ntchito yabwino imene lagwira chilembedwere ndi yokhayo.

Ine ndine Wiebe, wotsuka mawindo. Zaka zoposa makumi anayi ndakhala ndikuzungulira Noordwierde ndi njinga, ndowa ndi makwerero. Tauni yake ndi yaing'ono: misewu isanu ndi iwiri, tchalitchi chimodzi, ngalande imodzi. Ndiye ndikamanena za Renske sindikunena zongomva. Tinakhala benchi imodzi kusukulu, ndipo ndakhala ndikumutsukira windo Lachinayi lililonse kuyambira ndidakali ndi tsitsi kumutuku.

Renske anali telala. Sanakwatiwe, ankati amuna amataya nthawi ngati zipi yothyoka. Makina ake osokera anali pawindo lalikulu loyang'ana kumsewu, poti kuwala kumalowera pamenepo. Ankapinda mathalauza, kusoka zigamba, kukulitsa madiresi a akwati amene mimba yafulumira, koma nkhani ya munthu pakamwa pake sinkatuluka. Ndikamatsuka panja iye ali mkati, ankagogoda galasi ndi sizasi n'kuloza pamene ndasiya.

"Apa, wakhungu iwe! Ndikulipire za kupaka matope?"

"Ndi ntchentche ya mkati mwako iyo, agogo," ndinkatero, ngakhale tinabadwa chaka chimodzi.

Kuno makatani sititseka masana. Ukadzuka, usanaike n'komwe khofi pamoto, umayamba watsegula makatani. Ndiwo moni wathu: ndadzuka, ndili bwino. Wodutsa saima n'kumasuzumira ayi, amangoponya diso n'kupitirira. Koma ikakwana naini koloko makatani a munthu wokhala yekha ali chitsekere, woyandikana naye amawoloka msewu kukagogoda. Mayi anga anapulumuka choncho atagwa kubafa. Palibe amene anazilemba penapake, timangozidziwa.

Zaka makumi atatu zapitazo, mng'ono wake wa Renske, Marrit, anachoka pakhomo masana panjinga kukapereka zovala zosokedwa. Sanabwerenso. Anamupeza m'ngalande patapita masiku awiri. Anamupha anali dalaivala wa lole wongodutsa. Anagwidwa, anavomera yekha m'khothi, anakafera kundende. Nkhani inathera pomwepo. Tinaika maliro, ndipo m'mawa mwake Renske anatsegula makatani n'kukhala pamakina, maso ali otupa. Tonse tinaona, palibe anayankhula.

Ndiye zaka ziwiri zapitazo kunabwera mlembi wa ku mzinda, dzina lake Floris, wa mpango wautali m'khosi ndi mawu ofewa ngati wansembe. Anati akufuna kulemba za Marrit kuti dziko lisamuiwale. Renske anamulowetsa. Anamuthirira khofi, anatsegula chitini cha mabisiketi, mlendoyo anatenga imodzi, Renske n'kutseka chitinicho. Umu ndi mmene timachitira tonse: kapu imodzi, bisiketi imodzi, chitini chitsekedwe. Kwa abusa amatero, kwa dokotala amatero, kwanga timatero.

Imvani tsono zimene analemba munthuyo: "Anatseka chitini chija mofulumira, monga munthu amene anazolowera kutsekera zinthu mkati." Ndipo patsamba lina: "Tsiku limenelo anakhala pawindo kuyambira m'mawa, msewu wonse uli pamaso pake. Akuti sanaone kanthu."

Mwamumva? "Akuti." Sananene kuti Renske anapha munthu, ndi wochenjera, amadziwa kuti kuli makhothi. Anangotula kamawu kamodziko n'kubwerera kwawo. Pachikuto cha bukulo anaikapo chithunzi cha windo la Renske, lowala bwino, lotsukidwa ndi manja angawa.

Bukulo linayenda malonda. Mwana wanga Femke ankandiwerengera pafoni zimene owerenga ankalemba pa intaneti, mpaka ndinamuletsa kutero tikudya.

"Nyenyezi zisanu! Ndinaiwala mphika pamoto."

"Chitini chija! Ndinachita tsemwe thupi lonse."

"Ndi nsanje basi, mng'ono wakeyo anali wokongola kuposa iye."

"Dalaivala uja anangomunamizira. Mkulu wakeyo akudziwa zonse."

Anthu amene sanapondepo mwala wa muno, amene sadziwa kuti ngalande ili mbali iti, anali atazenga kale mlandu ali chogona pasofa. Ndipo sanathere pamenepo. Anayamba kubwera. Loweruka ankatsika basi m'magulu, buku kukhwapa, foni m'manja, kulondola mapu a kumapeto kwa bukulo: apa ndi pa mlatho, apa ndi pamene njinga inapezeka, apa ndi pa windo. Ine ndinkadziwa kuchuluka kwawo poona galasi. Zaka zonsezi pagalasi la Renske ndinkachotsapo fumbi ndi zitosi za mbalame. Tsopano ndinkachotsapo mafuta a mphuno ndi zipumi za anthu.

Tsiku lina ndili pamakwerero, anabwera amayi awiri ovala majekete a mvula ofanana. Wina anagunditsa nkhope pagalasi pamene ndinali nditangopukuta kumene.

"Pepani bambo, ndi yemweyu?"

"Yemweyu ndani?"

"Wa chitini uja."

"Mayi, mukumuonayo akupinda thalauza la abusa. Chotsanipo mphuno yanu."

"Musatimve molakwa," anatero mnzakeyo, dzanja lili pachifuwa. "Ife tabwera chifukwa cha Marrit. Timamukonda kwambiri."

"Munkamudziwa?"

"Tawerenga buku lonse. Gulu lathu linalira."

"Ankakonda kuyimba nyimbo yanji akamachapa? Ankaopa chiyani? Ankatsimphina mwendo uti?" Ndinatsika makwerero. "Simudziwa! Mumangodziwa mmene anafera, ndipo n'zimene zakukomerani. Chokani, ndisanakusambitseni!"

Anathawa, koma madzulo ake ndinali pa intaneti nanenso: "Wotsuka mawindo uja ndi wolusa bwanji. Nayenso akubisa chiyani?" Asa!

Alendo ndikanawapirira. Chimene chinandiwawa mpaka m'mafupa ndi anthu athu omwe. Hiltje, wa nyumba yoyang'anizana ndi ya Renske, amene anasunga kiyi wa Renske zaka zonsezi, anandiimitsa pageti lake n'kutsitsa mawu.

"Koma Wiebe, tinene zoona, buku lija lalembedwa bwino."

"Ndiye?"

"Ayi, ndikungoti... windo lija limaonadi msewu wonse."

"Lako silimaona? Unali kuti iwe tsiku lija?"

Anakwiya, sanandiyankhule mwezi wathunthu. Koma ndinaona kuti masiketi ake wayamba kupita nawo kwa telala wa tauni ina. Sanali yekha. Anthu amene ananyamula nawo bokosi la Marrit ankadutsa pawindo lija mitu ili pansi, kapena kuyang'anitsitsa ngati alendo omwe aja.

Lachinayi lina la Seputembala ndinakhota pakona n'kuona makatani a Renske ali chitsekere, nthawi itapitirira teni. Ndinaponya njinga pansi, makwerero n'kugwera uko, ndinamenya chitseko ndi zibakera.

Anatsegula ali bwinobwino, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Sindinafe. Usandigwetsere chitseko."

"Nanga zimenezi n'chiyani?"

"Lowa."

M'nyumba munali mdima, anali atayatsa getsi pamwamba pa makina dzuwa likuswa mtengo. Anandithirira khofi. Anatsegula chitini, ndinatenga imodzi, dzanja lake linaima m'malere chivundikiro chili m'manja. Kenako anachisiya pambali osatseka. Zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse.

"Dzulo wina ananyamula mwana wake m'mwamba kuti andione bwino," anatero. "Kamwana kovala chipewa chofiira. Kanandiloza. Ndatopa, Wiebe."

"Ukatseka ndiye awina."

"Awine. Ukufuna kudziwa chimene ndikubisa? Palibe anandifunsapo maso ndi maso, onse amafunsa galasi." Anakhala pansi. "Ndinalidi pawindo tsiku lija. Ndinamuona akukwera njinga. Anandibayibitsa. Ine sindinabweze, ndinali ndi mapini kukamwa, manja onse ali pansalu. Ndinati ndimuona akabwera. Ndi chimenecho. Zaka makumi atatu ndakhala nacho, ndipo si cha m'buku la munthu."

Ndinangoyang'ana m'kapu.

"Ndipo usamagogode choncho," anapitiriza. "Aliyense wogogoda masiku ano ali ndi buku kukhwapa. Ubwere Lachinayi lako, ndidzatsegula. Masiku enawo ndisiyeni."

"Nanga tizidziwa bwanji kuti wadzuka?"

"Muzimva makina. Makutu mulibe?"

Mukuganiza kuti owerenga aja anachita manyazi? Anasangalala! Floris anali atafotokoza m'bukumo za mwambo wathu wa makatani, ngati chinthu chodabwitsa cha anthu akumudzi. Ndiye owerengawo analemba pa intaneti: "Watseka! Kwawoko wotseka makatani ndi amene ali ndi chobisa." Anatenga mwambo wathu womwe n'kumumenya nawo. Makatani otsekawo anakopa anthu kuposa otsegula aja.

Ifenso tinazolowera. Sabata yoyamba aliyense wodutsa ankadzidzimuka. Pofika Novembala palibe ankatembenuka. Hiltje ankatsegula makatani ake, kuona a Renske ali chitsekere, n'kukaika khofi pamoto.

Lachinayi lachiwiri la Novembala ndinagogoda monga mwa pangano. Zii. Ndinagogodanso. Ndinatchera khutu, makina osamveka. Pagalasi, pamene makatani awiriwo sankakumana bwino, panali zidindo za manja awiri, za munthu amene anatchinga kuwala kuti aone mkati. Ndinasuzumira pomwepo, ine amene sindinasuzumirepo nyumba ya munthu chibadwire. Ndinathamangira kwa Hiltje kukatenga kiyi.

Renske anali pansi, pakati pa makina ndi tebulo, atamwalira kale. Dokotala anati anagwa Lolemba n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo anakhala moyo mpaka Lachitatu. Foni inali kukhitchini. Anayesa kukwawa, kapeti inaonetsa.

Tinamuika pafupi ndi Marrit. Floris anatumiza nkhata yaikulu ya maluwa oyera ndi kakalata koti iye sananenepo munthu aliyense. Ndinainyamula ndekha kukaiponya kudzala la kuseri kwa tchalitchi, abusa akuona, ndipo sanandiletse.

Patapita sabata Femke anabwera kunyumba nkhope itagwa.

"Bambo, pali chinthu. Sindikudziwa ngati ndikuonetseni."

"Bweretsa."

Chinali chithunzi chimene wina anaika pa intaneti Lachiwiri masana, chojambulidwa pogunditsa foni pa mpata uja wa makatani. Pamwamba analembapo kuti: "Ndalowa m'nyumba ya chinsinsi!" Munkaoneka getsi loyaka, tebulo, ndi chitini chija chili chitsegulire. Ndipo pansi, pakona ya chithunzicho, pankaoneka phazi lovala sokosi yabulauni.

Anthu mazana asanu ndi limodzi anayankhapo. Ndinawerenga onse, mmodzimmodzi. Ankakangana za chitini: chifukwa chiyani chili chotsegula tsopano, kodi akufuna kuulula? Mmodzi yekha anafunsa kuti, "Kodi ilo si phazi?" Wina anamuyankha kuti ndi chidole choyezerapo zovala, matelala amakhala nazo. Wofunsayo anati, "Oho, ndinachita mantha," n'kuikapo kankhope koseka. Panthawi imeneyo Renske anali akupuma, kuseri kwa galasi limenelo. Palibe anaimbira ambulansi, palibe anagogoda kwa woyandikana naye. Anthu oti amatha kuona chigawenga m'chivundikiro cha chitini analephera kuona munthu atagwa pansi.

Ndimadana nawo. Ndikunena poyera, ndipo sindipempha chikhululukiro kwa wina aliyense. Ndimadana ndi wa mpango uja, ndi amayi a majekete, ndi aliyense amene anapereka nyenyezi zisanu. Amabwerabe Loweruka, ndipo akuti bukulo likusindikizidwanso ndi mutu watsopano kumapeto.

Koma pali chimene sindinamuuze Femke. Lachiwiri lomwelo, cha m'ma teni, ndinadutsa pamenepo popita kukatsuka kutchalitchi. Ndinaima, phazi limodzi pansi, ndinatchera khutu. Makina sankamveka. Ndinayang'ana chitseko, ndinakumbukira mawu ake aja, ndinati apume, watopa ndi ogogoda. Ndinapalasa njinga n'kumapita.

A mafoni aja sankadziwa kuti kuno ikakwana naini koloko timagogoda, mwini nyumba afune asafune. Ine ndinkadziwa.