Njinga Yachikasu ya Khonsolo

Chaka chimene ndinalowa Fomu 2, a khonsolo anabweretsa njinga pasukulu pathu. Zinali za atsikana ochokera kutali, ife amene tinkalowa m'kalasi phunziro loyamba litatha, miyendo ili mbuu. Kwathu ku Maganga n'kutali ndithu. Ndinali nditayamba kale kujomba, ndipo amayi ankanena kuti mwina sukulu yandikwana basi.

Njinga zonse zinali za penti wachikasu, ndi chidindo cha khonsolo pachitsulo chapakati. Mayi wa ku khonsolo amene anabwera nazo anapereka lamulo limodzi lokha: njinga ndi ya sukulu, ikapezeka ikunyamula malonda ilandidwa n'kupatsidwa wina. Ndinagwedeza mutu kuvomera kuposa aliyense. Teremu yonseyo sindinachedwepo, ndipo masamu, amene ankaphunzitsidwa m'mawa, ndinayamba kuwamva.

Kenako njinga ya ababa inathyoka foloko. Ababa amagula usipa kunyanja ngalawa zikamakocheza m'mawa, n'kuthamangira nawo kumsika wa pa boma usanawonongeke. Wapansi sangafike nawo uli bwino. Loweruka lina, atabwera kuchokera kumzikiti ku swala ya m'mamawa, anaima pakhomo akuyang'ana njinga yanga.

"Iwe, lero sukulu kulibe. Njingayi ikungogona ngati mlendo."

"Ababa, anati tisamanyamulire katundu."

"Anatero ndani? Iwowo ndiwo zawo si usipa womwewu?" Anaseka, n'kuyamba kumangirira dengu pakaliyala ndi malekeni. "Insha Allah, dzuwa lisanafike pamutu ndabweza."

Ababa sindinawakanirepo kanthu, ndipo ndinkadziwa kuti tikudya za dengu lomwelo. Linakhala Loweruka lililonse, kenako ndi Lamulungu lomwe. Madzi a usipa ankadonthera pakaliyala ndi pamadigadi, mamba n'kuumira pomwepo. Lolemba lina ndikuimika njinga pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wa m'kalasi mwathu anatseka mphuno.

"Achemwali, mulu mukuchita bwanji? Mutiikireko basela!"

Anzanga onse anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi. Tsiku lomwelo ahedi analengeza kuti a khonsolo abwera kudzaona mmene tikusamalira njinga.

Ndinaitsuka ndi sopo, fungo osachoka. Ndiye ndinachita zimene ndinkadziwa. Kwathu poto akanunkha nsomba timamukwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka awale. Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi chisanza, n'kukwecha kaliyala, madigadi ndi chitsulo chapakati. Matope a phulusa ankabisa zimene zinkachitika pansi pake. Nditathira madzi, fungo linali litachepa, koma penti anali atapita nalo limodzi. Chidindo cha khonsolo chinangotsala kachidutswa. Amayi atatuluka anagwira pakamwa.

Tsiku la a khonsolo tinandandalika njinga pabwalo. Yanga inkawala ngati beseni pakati pa zachikasu. Mayi uja anaima nthawi yaitali, n'kuwerama kununkhiza chishalo, chimene sindinachikweche poopa kuching'amba.

"Mwanawe, penti wapita kuti?"

"Ndimaitsuka, madamu."

"Ndi chiyani?"

"Mchenga."

Sanakalipe. Anandiitanira pambali, n'kufunsa motsitsa mawu ngati kunyumba kuli wina amene amaikwera. Ndinkafuna kuwasangalatsa mayiwo, amene anandipatsa chinthu chimene sindinachipemphe. Ndinkafunanso kuti ababa asatchulidwe pabwalo la sukulu. Ndinangolira.

"Njinga itsala muofesi," anatero. "Akuluakulu a kunyumba abwere tikambirane. Mwina tingapeze njira."

Uthengawo ndinaufikitsa. Ababa anati apita malonda akachepa. Kenako anati apita akapeza ndalama ya penti, chifukwa sangakaime pamaso pa anthu a boma manja ali lende. Ndinkaona kuti ndi manyazi, koma mwana sauza bambo ake zimenezo. Amayi anafuna kupita okha, ababa n'kunena kuti nkhaniyo ndi yawo, aikonza.

Mvula inayamba ababa asanapite. Njira ya kudambo inadzaza madzi, ndipo ndinabwerera ku moyo wakale wofika masamu atatha, yunifolomu itanyowa mpaka m'chiuno. Sabata zina ndinkapita kawiri kokha. Pamene ababa anavala mkanjo wawo woyera n'kukafika kuofesi ya ahedi, njinga inali itapatsidwa kale mtsikana wina wa kutali ngati ine. Ahedi anawalandira mwaulemu, n'kuwauza kuti atsikana odikira njinga anali ambiri.

Tinabwerera limodzi wapansi, iwo patsogolo ine pambuyo. Pafupi ndi mpunga wa kudambo anaima, n'kunena osatembenuka kuti foloko yawo ikawotcheredwa azindiperekeza m'mawa. Ndinati zikomo. Tonse tinkadziwa kuti nthawi imene sukulu imayamba ndi yomwenso ngalawa zimakocheza.

Fomu 2 ndinabwereza. Njinga ija ndimaionabe pasukulu, pansi pa mango. Palibe amene anaipakanso penti, ndipo ponse pamene ndinakwecha pachita dzimbiri.