Mwana Wozizira M'basi ya ku Mzuzu

Mwana wanga woyamba anabadwa pa opareshoni. Bambo ake anangomuona m'chipatala, tchuthi n'kutha, n'kubwerera ku Mzuzu kumene ankakonza mafiriji. Ine ndinatsala kwathu, kufupi ndi Kabudula, ndi amayi anga.

Miyezi itapitapo amayi anayamba kudandaula kuti mwana akukula asanatengedwe. Kwathu khanda amati ndi lozizira mpaka tsiku limene bambo ndi mayi ake adzakhalire malo amodzi koyamba chibadwire ilo. Kumeneko ndiye kutenga mwana. Asanatengedwe, munthu wotentha, amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi chaposachedwa, sayenera kumunyamula. Akatero mwana amadwala tsempho: amatupa masaya ndi mapazi, amatsokomola, ena osadzukanso.

Ine ku koleji ndinapita, satifiketi ndili nayo. Ku sikelo anamwino anatiuza kuti kutupa kumabwera chifukwa chosowa zakudya m'thupi, ndipo ndinkagwedeza mutu kuvomereza. Koma ndinene zoona, mlendo akafika pakhomo ndinkathamangira kukabereka mwana.

Mwamuna wanga anati kuntchito sangamulole kuchokanso, ndipite ndine. Amayi anandiperekeza mpaka pa Nsaru. Minibasi ikudzaza anandigwira dzanja pawindo.

"Usampatse munthu, wamva? Ngakhale atakhala asisitere."

Ku depoti ku Lilongwe ndinapeza basi yadzaza kale. Kondakitala anati, "Kwerani mayi, pa Mponela anthu atsika, mukhala." Pa Mponela sipanatsike munthu, m'malo mwake anakweranso ena ndi matumba a mtedza. Ndinaimirira pakati, mwana ndamutembenuzira kutsogolo, dzanja limodzi pa chitsulo cha mpando. Titadutsa Kasungu chilonda cha opareshoni chinayamba kukoka ngati wina akusolola ulusi. M'maso munkachita mdima basi ikalowa m'dzenje.

Pampando umene ndinatsamira panali mayi wa msinkhu wanga, wovala diresi yatsopano, tsitsi loluka bwino.

"Asisi, bweretsani mwanayo ndikunyamulireni. Mugwa naye."

"Zikomo, ali bwinobwino."

"Ali bwino ndi iyeyo. Inuyo milomo yayera."

Bambo wina kumbuyo anakuwa: "Mpatseni, mayi inu! Mukuyesa akudyerani?" Anthu anaseka. M'basi aliyense amadziwa kuti woimirira amapereka mwana kwa wokhala, ndipo wokana amaoneka ngati akuwayesa anzake afiti. Ndinamasula chitenje n'kumupereka.

Anamulandira bwino, mutu kuuchirikiza. Mpamene ndinaona dzanja la mwamuna amene anakhala naye cha pawindo lili pabondo pake, ndi mphete ziwiri zonyezimira.

"Muziphunzirira pomwepo," anatero mwamunayo. "Chaka chamawa mukhala ndi wanu."

"Iii, musandichititse manyazi," mayiyo anaseka, n'kuyang'ana kwa ine. "Tangomanga ukwati kumene, asisi. Tikukaonekera kwawo ku Rumphi."

Pa anthu onse a m'basi muja ndinasankha wotentha kuposa onse. Ndinkafuna mawu omulandira nawo mwana osamunyoza, koma ndisanawapeze basi inapatukira kumbali n'kuima patchire.

"Oimirira nonse pansi!" anakuwa kondakitala. "Kutsogoloku kuli rodibuloko. Muyende wapansi, mutipeza mukadutsa. Osathamanga, osayenda chigulu, muziyenda ngati ndinu a konkuno. Changu!"

Anthu a kumbuyo anandikankha. Ndinati, "Mwana wanga!" koma thumba la wina linali kale pakati pa ine ndi mpando uja.

"Mukampeza, mayi. Athawira kuti, kuyenda sanayambe," anatero kondakitala.

Ndinapezeka ndaponda fumbi, chitseko chatsekedwa. Basi inanyamuka, ine chitenje chopanda kanthu chili m'manja.

Sindinkadziwa dzina la mayi uja. Nambala ya basi sindinaiwerenge, ndinkangodziwa kuti ndi yoyera ya mzere wobiriwira, ndipo zotero pamsewu uja n'zambiri. Ndinayamba kuthamanga, mayi wina wachikulire n'kundikoka bulauzi. "Mutigwiritsa inu. Yendani bwino." Ndinayenda. Mkaka unayamba kutuluka wokha, kunyowetsa bulauzi mpaka pamimba. Ndinayesa kupemphera Tikuoneni Maria koma ndinkangobwereza mzere woyamba. Mantha anali awiri, ndipo sindikudziwa aakulu anali ati: kuti sindimupezanso, kapena kuti ndimupeza atakhalitsa m'manja muja.

Tinadutsa apolisi, palibe anatifunsa. Kutsogolo kunali msewu wokhawokha. Basi kunalibe. Amuna amene anali nafe anayamba kutukwana, wina akuti katundu wake wapita. Msewu unakhota, n'kukhotanso, ndipo tinaiona itaima pansi pa mitengo ya bulugama, dalaivala akudya chimanga chootcha.

Mwana ndinamupeza ali m'tulo pachifuwa pa mayi uja, atamufunditsa chitenje chake.

"Mwana wabwino bwanji," anatero. "Sanalire ngakhale pang'ono."

Mawu amenewo anandiopsa. Kunyumba ankalira ndikangopita kubafa. Ndinamulanda mwamsanga moti mayiyo anandiyang'ana modabwa, ndipo kuthokoza ndinathokoza mochedwa. Ndinakhala pathumba la mtedza n'kumupatsa bere. Anayamwa pang'ono, n'kulisiya.

M'nkhalango ya Chikangawa munali nkhungu, mawindo anachita thukuta. Njira yonse ndinkamuvula sokosi, kudina phazi ndi chala kuti ndione ngati patsale kadzenje, kumuvekanso. Masaya ake ankaoneka aakulu. Kodi m'mawa anali choncho? Ndinayesa kukumbukira nkhope ya mwana wanga yemwe, osaikumbuka. Chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti ndikupita kwa bambo ake. Iwo akhala akudikira ngati ine, ndi ozizira ngati ine. Akamunyamula, tikamutenga, zonse zitha.

Tinalowa mu Mzuzu dzuwa litapendeka. Mwamuna wanga anali pa depoti, atavala malaya amene ndinamugulira. Ndi wa kwathu komwe, mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo mwambo uja amaudziwa kuposa ine. Ndinatsika, misozi ili m'maso, n'kumutambasulira mwana.

Anamwetulira. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kutola chikwama.

"Ichi chikuoneka cholemera. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino. Munyamuleni mwana wanu."

"M'manja mwanga ndi mwakuda, ndachokera kuntchito."

Ndinayang'ana manjawo. Anali oyera, zikhadabo zowenga.

"Bambo ake, simunamuone chichokereni kuchipatala."

"Ndikumuona apa. Wakula, eti?" Anayang'ana kumbali, kumene kunaima akabaza. "Mberekeni kaye, kuno kumazizira. Tikakamba kunyumba."

Ndinaima pomwepo, mwana ali m'malere pakati pa ife awiri, anthu akutidutsa ndi katundu. Manja atayamba kulema ndinamubweza, n'kumuika kumsana, n'kumanga chitenje mfundo ziwiri. Mwamuna wanga anatsogola ndi chikwama. Ine ndinkabwera pambuyo, ndikusiya mpata woti mwendo wa mwana usamukhudze.