Injini ya Boti Lomwe Sindinaliwonepo

Ine ndinakulira kumapiri, kuseri kwa Kasakula, ndipo madzi ambiri omwe ndinkawadziwa anali a padambo mvula ikanyanya. Nyanja tinkaiona tikakwera pamtunda wa kusukulu tsiku lopanda nkhungu, ili kutali kum'mawa ngati lata logonekedwa pansi. Ntchito yanga inali yoyendetsa chigayo cha dizilo cha bambo wina wa pamsika. Ndinkadziwa kumanga lamba, kusintha sefa ndi kumva injini ikayamba kutsokomola.

Mlongo wanga, wondiponda pamutu, anakwatiwa kunyanja cha ku Nkhotakota ndi msodzi. Mlamu wangayo atamwalira, abale ake anatenga injini ya boti, amvekere anagula ndi mkulu wake wa malemuyo. Botilo anamusiyira poti linali lakale. Miyezi inadutsa lili pamchenga. Tsiku lina masana foni inalira ndili mbuu ndi ufa, ndipo ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa chigayo, pomwe netiweki imagwira.

"Achimwene, anyamata a boti akungokhala," anatero mlongo wanga. "Ndagulitsa mpunga ndi ng'ombe ija. Mukandigulire injini ku Lilongwe, ngakhale yogwirapo kale ntchito. Inuyo ndiye mumadziwa za mainjini."

"Ine ndimadziwa ya chigayo, achemwali."

"Injini ndi injini basi."

"Nanga ikhale yaikulu bwanji?"

"Yokwanira botilo."

"Imene anatenga ija inali yotani?"

"Inali yotuwa," anatero.

Ndinamuuza kuti andipatse munthu wodziwa. Anandipatsa mkulu wa alovi, anyamata omwe amalowa m'madzi ndi boti kukakoka khoka. Iyeyo sanachedwe n'kuyankha komwe. Anati ndigule ya fote, chifukwa nsomba masiku ano zili kutali ndipo mwera ukayamba umafunika kuthawa. Ndinafunsa kuti fote chiyani. Anati fote hosipawa, muyezo wa mphamvu ya injini. Foni itabwerera kwa mlongo wanga, iye ananong'ona kuti ndisamvere zimenezo, alovi amakonda liwiro poti petulo sagula ndi iwo. Kenaka anaitana mmisiri wokalamba amene ankamata botilo. Mkuluyo anati fifitini, osapitirira. Anati matabwa a kumbuyo, pomwe pamakhala injini, ndi okalamba kuposa ana a iye mwini, ndipo ya fote idzangozula thabwalo n'kupita nalo yokha, anthu n'kutsala. Nditafunsa kuti ya malemu inali ya chiyani, mmisiri anati fifitini, mlovi kumbuyo kwake anakuwa kuti fote, ndipo wina amene sindinamudziwe anati chivundikiro chake chinali cha injini ina, choncho nambala yolembedwapo inali yabodza.

Ndinatsika pachulu mutu uli ziii. Mwini chigayo anandiuza kuti injini yaikulu sitopa, ndipo munthu sadandaula kuti wagula mphamvu zambiri. Lamulungu titatuluka ku Misa ndinafotokozera akatekisiti athu, omwe anakhalako ku parishi ya kunyanja ali anyamata. Iwo anati ngolo yakutha suimangirira ng'ombe zolusa. Ndinaona kuti akunena zoona. Koma anapitiriza kunena kuti ng'ombe zofooka nazonso zimakusiya pakati pa chitunda, ndipo pamadzi palibe poika mwala kutayala. Ndinawafunsa kuti tsono ndigule iti. Anati ndipemphere.

Akazi anga ndiwo anadula nkhani. "Abambo, pitani mukafunse ogulitsawo. Kuno mukufunsa anthu oti ngakhale kusambira sadziwa."

Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Ntchisi boma, kenaka minibasi yodzera ku Mponela. Mu Lilongwe ndinayendayenda mpaka ndinapeza kashopu kodzaza ndi majenereta ndi mapampu a m'dimba. Kukona kunali mainjini a boti atatu, atapachikidwa pathabwa ngati mbuzi zosendedwa. Sindinayembekeze kuti n'ngotero. Ndinkafunafuna pokoleka lamba, osapaona.

Wogulitsayo anali bambo wonenepa wofatsa. Anandifunsa kuti botilo ndi lalitali bwanji. Ndinati sindinaliwonepo. Anafunsa kuti limakwera anthu angati. Ndinati zimatengera tsiku. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anafunsa ngati ndikufuna ya mwendo wautali kapena waufupi.

"Ilinso ndi miyendo?"

Anandionetsa chitsulo chotsika pansi, chomwe kumapeto kwake kuli pulopela, kachitsulo ka mapiko atatu kopalasa madzi. Anati mwendo ukafupika pulopela imangomenya mphepo, ukatalika imalima mchenga. Anati ndikayeze kutalika kwa boti, mulifupi mwake, ndi msinkhu wa thabwa la kumbuyo. Ndinabwerera kumudzi chimanjamanja, ndipo anthu a pachigayo ankandifunsa ngati injiniyo ili m'thumba la malaya.

Kuyeza nako kunavuta. Alovi awiri anayeza ndi mapazi, aliyense n'kupeza zake, poti wina anali wamtali wina wamfupi. Tepi yoyezera ya mmisiri inali itafufutika manambala. Mlongo wanga anaganiza zoti atumize chingwe chokhala ndi mfundo, mfundo iliyonse muyezo wake. Chingwecho chinabwera ndi mayi wina amene amakwera kuno ndi usipa tsiku la msika. Chinali m'jumbo, chikununkha nsomba moti agalu anandiperekeza mpaka kuchigayo.

Tinachitambasula pabwalo. Amayi omwe ankadikira kugayitsa anagwira uku ndi uku, ena akuseka. Ndinapempha miyezo itatu, koma mfundo zinali zinayi. Ya kutalika kwa boti inali yosakayikitsa, poti inali kumapeto. Ya mulifupi ndinaiganizira. Koma kufupi ndi poyambira kunali mfundo ziwiri zotalikirana ngati chikhatho, ndipo imodzi mwa izo inali ya thabwa la kumbuyo lija. Ndinakweranso pachulu.

"Achemwali, mfundo yachinayiyi ndi ya chiyani?"

"Yachinayi? Ine sindinamange, anamanga ndi amisiri."

"Apatseni foni."

"Apita kumaliro ku Dwangwa. Foni alibe."

Mayi wa usipa uja anati mwina chingwe chinaduka m'njira ndiye wina anachilumikiza. Ndinaziyang'anitsitsa mfundo ziwirizo, zonse zinali zofanana. Mayi wina wachikulire pamzere anati kuyeza chinthu ndi chingwe n'kwa bokosi la maliro, ndichichotse pabwalo. Ndinachikulunga.

Ndikanadikira mmisiriyo, koma mvula inali pafupi, ndipo msewu wathu ukanyowa ngakhale njinga yamoto imakana. Ndinapitanso ku Lilongwe ndi chingwe changa. Wogulitsa uja anachiyala pansi m'shopu mpaka chinatulukira pakhomo, n'kuyeza ndi tepi. Anati ngati mfundo yoona ndi yoyambayi, pafunika mwendo waufupi. Ngati ndi yachiwiriyi, wautali. Pa za mphamvu anati boti lotalika chonchi likhoza kunyamula fote likakhala latsopano, koma lakale iye sangalumbire.

"Nanga inuyo mukanagula iti?" ndinafunsa.

"Ine ndimagulitsa, akulu. Kunyanja ndinapitako kamodzi, ku ukwati."

Pa mainjini atatu aja, ina inali fifitini, ina fote, ndipo ya pakati inali twente faifi, ya mwendo wautali. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananditchulira twente faifi. Ndinagula imeneyo chifukwa inali pakati, komanso ndinaganiza kuti chinthu chachitali ukhoza kuchikweza, koma chachifupi sungachikoke. Wogulitsa anandichenjeza kuti ndisailize pamtunda popanda madzi, ndipo petulo wake ndisakanize ndi oyilo. Izinso zinandizunguza, poti kuchigayo munthu wothira oyilo m'thanki ya mafuta amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Kumudzi ndinafuna kuiyesa ndisanapite nayo. Tinaimika mgolo kuseri kwa chigayo, akazi anga ndi anzawo n'kuudzaza madzi a pamjigo. Tinapachika injini pamlomo pa mgolo, mwendo uli m'madzi. Anthu anadzaza ngati kwabwera kanema. Ndinakoka chingwe choliza mpaka phewa linawawa. Italira, inalira mokwiya, utsi wabuluu tolo, madzi a mumgolo n'kuwira ngati thobwa pamoto, kuthovukira ena pa ufa wa mayi wina womwe unali pamkeka. Kenaka ndinaona kamadzi kakutuluka kumbuyo kwa injini, kowongoka ngati kamwana kakukodza. Ndinazimitsa msanga, ndikudziwa kuti andigulitsa chinthu chobooka.

Mwini chigayo anati timate ndi sopo. Wokonza njinga zamoto wa pamsika anati tiike kamsomali. Mwamwayi ndinayamba ndakwera pachulu kuimbira wogulitsa uja. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati kamadziko kakasiya kutuluka m'pamene ndidzamuimbire, chifukwa ndi mmene injiniyo imadziziziritsira. Mayi wa ufa uja sanaseke nawo. Ndinamugayira chimanga china.

Tinatsika nayo pa kagalimoto ka matola, nditaikulunga m'matiresi kuti isagundike. Tinafika dzuwa lili paliwombo, kukutentha koti ife a kumapiri timasowa popumira. Boti lija ndinaliona koyamba. Chingwe sichinandiuze kuti linali lakuya chotero, lakuda, lodzaza zigamba za phula ndi nsanza m'mipata ya matabwa. Mlongo wanga anali atawonda, koma anandilandira akuseka, n'kuisisita injiniyo ngati mwana wobadwa kumene.

Mmisiri uja anali atabwerako kumaliro. Ndinamufunsa za mfundo yachinayi. Anatenga chingwecho, kuchitembenuza, n'kunena kuti iye anamanga zitatu zokha ndipo sakudziwa kuti yake ndi iti. Atapachika injini, mwendo unapezeka kuti watalika pang'ono. Anakhomerapo kathabwa kuti ikwere, uku akung'ung'udza kuti iye ananena fifitini. Mkulu wa alovi anaizungulira, kuwerenga nambala, n'kufunsa ngati ya fote inatha.

Anandikakamiza kukwera nawo poyesa. Ndinakhala pakati, manja onse awiri atagwira thabwa. Poyamba tinayenda bwino. Mlovi atapotokola chogwirira cha injini, chomwe chimaonjezera liwiro, mpaka kumapeto, mphuno ya boti inadzuka, kumbuyo kunalira kuti kwee, ndipo madzi anayamba kulowa pampata wina pafupi ndi phazi langa. Mmisiri anakuwa kuti achepetse. "Mwaona? Yakula!" anatero akundiloza ine. Tinabwerera kumtunda, anakweza khoka lonyowa ndi anyamata onse, n'kulowanso. Ulendo uno boti linkayenda mwaulesi, mafunde akulimenya m'nthiti. "Mwaona? Yachepa!" anatero mlovi, nayenso akuloza ine. Ine ndinali nditaweramira kunja, ndikusanza.

Titatsika ndinagona pansi pa mtengo wa mango, dziko likuzungulirabe. Awiriwo anapitiriza kukangana pamwamba panga. Mlongo wanga anawamvetsera mpaka anatopa. Anapita kunyumba n'kubwera ndi utoto wa m'zikhadabo wa mwana wake wamkazi, n'kulemba kamzere kofiira pa chogwirira cha injini, kupitirira theka pang'ono.

"Wodutsa apa atsike m'boti langa," anatero.

"Nanga mwera ukatipeza, mayi?" anafunsa mlovi.

"Ukakupezani mudutse. Koma mudzandiuze."

Ndinabwerera kumapiri mawa lake. Botilo linagwira ntchito dzinja lonse, ndipo mayi wa usipa uja nthawi zina ankandibweretsera kajumbo ka utaka kochokera kwa mlongo wanga. M'nyengo yozizira thabwa la kumbuyo linang'aluka ali pafupi ndi gombe, ndipo onse anatuluka bwino. Mmisiri anati ndi injini. Alovi anati anagunda mwala. Mlongo wanga anati thabwalo linali lofumbwa kale amuna ake ali moyo. Aliyense anandiimbira payekha kundifotokozera, ngati kuti ine ndiye woweruza.

Anaika thabwa latsopano la mlombwa. Posakhalitsa kunabwera munthu wofuna kusinthanitsa injini yathu ndi yake ya fifitini, ndipo mlongo wanga anandifunsa maganizo. Ndinati afunse mmisiri, poti ndiye ankalimbikira fifitini. Madzulo ake anandiimbiranso.

"Achimwene, amisiri akuti ndi thabwa latsopanoli botili likufunika fote."

"Nanga alovi akuti chiyani?"

"Akuti yomweyi aizolowera, tisasinthe. Inuyo mukuti bwanji?"

Ndinaima pachulu paja ndikuyang'ana mbuzi zikudya madeya pakhomo pa chigayo. Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Anati chabwino, aganizabe, ndipo anafunsa ngati mtedza wacha bwino chaka chino, kuti ndimusungireko wa mbewu.