Raketi ya Marisa pa Makina a Debi

Ine pensulo sindinaigwirepo. Akulemba izi ndi mdzukulu wanga, ine ndikungolankhula, ndiye mukapeza mawu okhota mudziwe kuti akhotera m'kamwa mwanga. Anzanga a kutchalitchi kuno ku Hyattsville akamva kuti ndinayendapo ndi osewera tenisi amaseka, amati a Enelesi mwayamba kulota masana. Mwina akunena zoona, chifukwa nyengo imeneyo ndikamaikumbuka imabwera ngati loto: kutentha, misewu yosatha, ndi kafungo ka phula m'zala.

Ku America kuno ndinabwera ndi banja la abwana ena a ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu, kudzalera ana awo awiri. Tinkakhala ku Bowie. Loweruka ndinkaperekeza anawo kukalabu kukaphunzira tenisi, ndipo poti panja pankazizira ndinkadikira m'kasitolo ka pakalabupo. M'menemo munkakhala mzungu wina wokalamba, a Wolta, amene ntchito yawo inali kuluka zingwe za maraketi, zomenyera mpira zija. Ndinkangoyang'ana manja awo. Pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Mumtima ndinati, kodi ili si lichero? Kwathu ku Ntcheu ndinakula ndikuthandiza atate anga kuluka malichero ndi mikeka. Kaya zala zanga zinkayenda zokha pachitenje, kaya bwanji, koma tsiku lina a Wolta anandikodola n'kundipatsa nsonga ya chingwe.

Makina olukira maraketi si ovuta. Raketi umaigoneka pachitsulo chozungulira, n'kuimanga kumutu ndi kukhosi kuti thabwa lisapindike. Umayamba ndi zingwe zoimirira, kuchokera pakati kunka m'mbali, uku chimodzi, uko chimodzi. Chilichonse umachikoka ndi mkono wachitsulo wokhala ndi cholemera kumapeto. Mkonowo ukatsika n'kuima mopingasa ndiye kuti chingwe chakokeka mokwana, umachigwira ndi chopanira. Zikatha zoimirira umaluka zopingasa. Bowo likathina umalitsegula ndi kachitsulo kosongoka ngati ka osoka nsapato, mfundo umaikoka ndi pulayasi. Zingwe zinali za mitundu iwiri, za nayiloni zotchipa, ndi zenizeni zopangidwa ndi matumbo a ng'ombe. Nditamva zimenezo ndinaseka mpaka misozi: kwathu ndiwo, kuno masewera! Koma za matumbozo zimafuna ulemu. Ukazipinda zimathyoka, zikamva chinyezi zimamera ubweya n'kuduka, ndiye umazipaka phula la njuchi usanaziluke. A Wolta sankalankhula zambiri. Ndikamaliza ankamenya raketiyo pachikhatho n'kutchera khutu. Ankangoti, "Iyi yagona, dulani," kapena, "Iyi ili maso."

Ana aja atakula anatumizidwa kumudzi kusukulu yogonera komweko, nyumba inangoti zii. Nthawi yomweyo kusitolo kuja kunabwera mtsikana wamtali wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, dzina lake Debi. Ankamenya mpira mwaukali moti zingwe sizinkamukhalira, ndipo anali atagula kwa a Wolta makina ang'ono olowa m'galimoto. Chimene ankasowa chinali manja. A Wolta analoza ine.

Amayi a pakhomo anavomera kuti ndiziyenda naye kumipikisano, anati: "Pitani mukaone dziko, a Ene. Koma tisakuoneni pachithunzi mutavala kasiketi kawo kaja, abwana ntchito ingawathere." Masiku amenewo kwathu mkazi akaonetsa mawondo ankamutenga apolisi.

Mumvetse: pali tenisi ija ya pa wailesi yakanema, ya maluwa ndi zikho zonyezimira, ndiye pali ina ya pansi pake imene palibe amaionera. Yathu inali ya pansiyo. Atsikana ankayenda tauni ndi tauni, sabata ino ku Maryland, ya mawa ku Virginia, kugona m'nyumba za anthu a m'makalabu amene ankatilandira, kuchapa masokosi m'sinki. Ukapambana ankakupatsa mapointi, ndipo pakutha pa nyengo ochepa okha a mapointi ambiri ndiwo ankakwera kupita kwa akuluakulu aja. Debi anali atayesa kangapo. Bambo ake anali ndi sitolo ya makapeti, ndipo anamuuza kuti ulendo uno ndi womaliza: akapanda kukwera, abwerere akagulitse makapeti.

Tinkanyamuka kukucha, makina ali kumbuyo pakati pa zikwama. Nkhungu inkagona m'minda ngati munthu wafunda bulangete loyera, mahatchi n'kumatulukiramo mitu yokha. Mabwalo ambiri anali a dothi lobiriwira, ndipo mmawa ankawathirira ngati dimba. Ine ndinkayala makina pansi pa mtengo kapena m'kashedi ka zosesera, ndikuluka uku ndikumva mipira ikulira mbali zonse, pho, pho, pho, ngati amayi ambiri akusinja kutali. Madzulo ziphaniphani zinkadzuka mu udzu mpaka osadziwa pamene nthaka yathera. Chingerezi changa chinali cha kukhitchini, Debi Chichewa ankadziwa "zikomo" basi, koma m'galimoto tinkacheza tsiku lonse. Iye ankanditcha Mama Ene. Akagonja ankayendetsa osalankhula, ine n'kumamusendera malalanje. Akapambana ankaimba, ndipo kuimba sankatha.

Pakati pa atsikanawo panali wina wamfupi, wakuda tsitsi, wochokera kutali ku South America, dzina lake Marisa. Ankayenda yekhayekha pabasi ndi maraketi awiri ndi kachikwama kamodzi. Nayenso Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ena akamaseka nkhani zawo iye ankabwera kudzakhala pamthunzi wanga. Tinkagawana buledi ndi mtedza. Iye ankandionetsa chithunzi cha amayi ake, ine ndinkamuuza za mvula ya ku Ntcheu m'Chichewa, iye n'kumagwedeza mutu ngati akuidziwa.

Mpikisano womaliza unali ku Manassas, mwezi uja wotentha moti malaya amakumata pamsana usanatuluke m'nyumba. Debi anasewera bwino sabata yonse. Kunatsala masewera amodzi: akapambana Loweruka, wakwera. Woti akumane naye anali Marisa, ndipo nayenso ankafuna malo omwewo.

Lachisanu kunagwa mvula, Loweruka kunacha chinyezi chokhachokha, mpweya wolemera ngati m'bafa. Ndinali m'kashedi ndikumaliza raketi yachitatu ya Debi pamene pakhomo panada. Ndinatukula maso: Marisa. Sanalowe. Anangoima, dzanja lina maraketi ake awiri, onse oduka zingwe, dzanja lina kapaketi kake komaliza ka matumbo. Imodzi inaduka dzulo lake, inayo mmawa womwewo akuyeserera pabwalo lonyowa. Woluka wa pakalabupo anali atapita kuukwati wa mwana wake. Anzake akanamubwereka raketi, inde, koma raketi ya mwini ili ndi kulemera kwake ndi chigwiriro chake. Dzanja limakhala likuifunsa mafunso mpira ukudutsa.

Kwathu mnansi akabwera ndi phale kudzapala moto umamupatsa, ngakhale munatukwanana dzulo kumjigo. Ine ndinakula osaonapo wina akubwezedwa. Koma makina sanali anga. Ndinapita kwa Debi, amene anali pabenchi pakati pa atsikana ena akukulunga chigwiriro cha raketi ndi kachikopa, ndipo ndinagwada pambali pake monga timachitira popempha chinthu chachikulu.

"Mama Ene, dzukani! Anthu akuyang'ana."

Sindinadzuke. Ndinamuuza za vuto la Marisa ndi Chingerezi changa chothyokathyoka chija, ndikuloza kukashedi.

"Mukudziwa kuti akusewera ndi ine?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye inu mukugwirira ntchito ndani?"

"Iwe, mwananga."

"Nanga ndikakana?"

"Ndikamuuza kuti wakana."

Atsikana onse pabenchipo ankatiyang'ana, wina madzi ali m'kamwa osameza. Debi nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anayang'ana kukashedi, anayang'ana ine.

"Makina ndi anga, manja ndi anu," anatero. "Chitani zimene mukufuna." Ananyamuka n'kupita kukamenya mpira kukhoma.

Ndinamanga raketi ya Marisa pachitsulo. Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni, ndipo palibe anaiona. Woluka ali ndi njira zambiri zophera munthu mwakachetechete. Ukhoza kumasula chopanira pang'ono kuti chingwe chibwerere, raketi ituluke yogona. Ukhoza kukanda matumbo ndi kachitsulo kaja pobowo, n'kudzaduka masewera ali pakati, aliyense n'kumati chinyezi. Kunja ndinkamva mpira wa Debi ukulira pakhoma, ndipo ndinkaganiza za makapeti, mtsikana wothamanga chotere atagwada pansi ndi tepi yoyezera. Thukuta linkagwera pathabwa. Ndinapaka phula. Ndinakoka chingwe choyamba, mkono wachitsulo unatsika n'kuima pamalo pake penipeni, ndipo ndinadziwa kuti zina zija sindizitha. Ndinaluka monga ndinkalukira za Debi, chingwe ndi chingwe, mfundo ndi mfundo. Marisa anailandira ndi manja awiri, anandipsompsona patsaya, n'kuthamanga.

Masewerawo anayamba dzuwa lili paliwombo. Oonerera anali ochepa, azimayi a zipewa ndi agogo ena amene ankawodzera. Woyimbira anakhala pampando wake wautali, ine ndinakhala paudzu kuseri kwa waya. Debi anatenga chigawo choyamba, Marisa chachiwiri. Kutentha kunkavina pamwamba pa dothi moti atsikanawo ankaoneka ngati akuthamanga m'madzi. Ndinatsinzina. Zimene ndinamva sindidzaiwala: maraketi awiriwo ankalira liwu limodzi. Uku pho, uko pho, osasiyana ngakhale pang'ono. Sindinkatha kudziwa wamenya ndani. Zinali ngati dzanja langa lamanja likumenyana ndi lamanzere, ine mwini ndili pakati osadziwa woti ndimupempherere.

Chigawo chachitatu chinatalika mpaka mithunzi inafika paneti. Kumapeto Debi anathamangira kutsogolo, Marisa anakweza mpira m'mwamba, m'mwamba ndithu. Tonse tinaupenya ukuyandama ngati sukufuna kutsika. Unagwera kumbuyo kwa Debi, pamzere penipeni, kafumbi koyera n'kudzuka. Sunatuluke m'bwalo, Marisa anapambana.

Anagwirana chanza paneti. Marisa analira, Debi ayi.

Tinapakira katundu osayang'anana. Malalanje ndinali nawo koma sindinayerekeze kusenda. Titatuluka m'tauni, pamene msewu ukudutsa pakati pa minda ya chimanga, Debi anaimitsa galimoto m'mbali n'kuzimitsa injini. Kunja tizilombo tinkalira m'mitengo ngati mvula ikubwera.

"Munailuka bwino?"

"Bwino."

"Kuposa zanga?"

"Chimodzimodzi."

Anagwetsa mutu pachiwongolero, mapewa akugwedezeka, ine osadziwa ngati akuseka kapena akulira. Zinali zonse ziwiri.

"Ndimafuna munene kuti kuposa zanga," anatero, "kuti ndipeze wokwiyira." Anapukuta mphuno ndi thaulo. Kenako anandiyang'ana m'maso, zimene ana a kuno sachita nazo manyazi. "Koma Mama Ene, munagwada anthu onse akuona. Ndikanakana bwanji?"

Kwathu kugwada ndi kudzichepetsa. Sindinkadziwa kuti kungathenso kumanga munthu manja.

Titafika ku Bowie anatsitsa chikwama changa, kenako anatsitsanso makina aja n'kuwaika pakhonde. Ndinati wayiwala, anati sanayiwale, iye sawafunanso. Lolemba lake anayamba kusitolo ya bambo ake. Marisa anakwera, koma sindinamuonenso ndipo sindinamvepo dzina lake pawailesi. Makinawo ndinalukira zaka zambiri, mpaka maraketi a thabwa anatha, kunabwera akuluakulu opepuka aja, ndipo maso anga nawo anatopa.

Mukandifunsa lero ngati ndikanamulukiranso Marisa, ndikanamulukira, ndipo bwino lomwe. Raketi ikangogona pamakina ako, mwini wake ndiye bwana wako mpaka mfundo yomaliza. Koma chimene ndinasunga kwambiri ndi china. Tsiku lija chifundo chinali changa, wolipira anali Debi. Ine ndinangotaya thukuta. Kuyambira pamenepo ndikafuna kuthandiza munthu ndi chinthu cha mwini, ndimayamba ndaitanira mwiniyo kuseri kopanda maso, ndipo ndimapempha nditaimirira, kuti ngati akufuna kukana akane. Ena amakanadi, ndipo ndimawathokoza chimodzimodzi.