Che Amidu ndi Sultani wa ku Kilwa

Ndikakumbukira Che Amidu, ndimamva fungo la simbi yamakala ndi mafuta a makina osokera pakhonde la golosale pa Nsaru, pomwe ankakhala kuyambira m'mawa, phazi likupalasa, ulusi uli pakamwa. Anali telala, Myao yekhayo pamzere wathu, ndipo nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Ine ndinali mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo, koma ndikaweruka kusukulu ndinkathera pakhondepo, kutola tizidutswa ta nsalu.

Nkhani yawo inali imodzi, ya sultani wa ku Kilwa, mfumu ya Chisilamu imene inalamulira chilumba cha m'nyanja yamchere kalekale, Azungu asanabwere. Ankati sultaniyo anamanga nyumba yamiyala ya zipinda zosawerengeka, zombo zake zinkanyamula golide, ndipo ndalama zamkuwa zinkalembedwa dzina lake. Makina ankawaimitsa akafika pofotokoza za tsiku limene wopemphetsa wina anapempha malaya a sultaniyo, akutuluka mumzikiti Lachisanu.

"Anavula, mwanangu, n'kumupatsa," ankatero. "Agogo anga anakazimva kugombe komweko, atapita pa mtengatenga."

Ndili Sitandade 6 ndinaifotokoza nkhaniyi m'kalasi. Anzanga anaseka chikhakhali, wina n'kunena kuti munthu wakuda sakanamanga nyumba yotero. Manyazi amenewo ndinakawatula pa Che Amidu, pamaso pa amayi awiri amene ankadikira madiresi awo.

"Mumatinamiza eti? Sultani wanuyo kunalibe."

Sanakalipe. Anadula ulusi ndi mano, n'kundiyang'ana.

"Chabwino, mayi. Kunalibe."

Nkhaniyo sanaitchulenso. Tinsalu ankandipatsabe, yunifolomu yanga ya kusekondale anasoka ndi iwo, koma ndikakhala pambali pawo ankangopalasa makina. Kangapo konse ndinafuna kupepesa, koma ndinkangoti mawa.

Ndili Fomu 3, aphunzitsi a mbiri yakale analemba dzina la Kilwa pabolodi, n'kutionetsa chithunzi cha mabwinja a nyumba ija m'buku. Ndinalibwereka bukulo. Holide itafika ndinatsika minibasi n'kulunjika kugolosale, chikwama chili kumutu, koma pakhonde ndinapeza munthu wina akugulitsa kaunjika. Amayi anandiuza kuti Che Amidu anadwala, ana awo anadzawatenga kupita nawo kwawo ku Mangochi, ndipo anaikidwa komweko.

Lero ndimaphunzitsa mbiri yakale ku Kabudula. Phunziro la Kilwa likafika ndimalifotokoza lonse bwinobwino, koma ophunzira anga sindinawauzepo amene anayamba kundiphunzitsa. Ndimaopa kuti andifunsa zimene ndinawayankha Che Amidu.